Anadzapempha mbewu ya Mwera

Linali Lachisanu, dzuwa litapendeka, ife tili jijirijijiri kukonzekera Sabata. Zovala zinali zitasitidwa, nyemba zikubwata pa mbaula, ana akusesa pabwalo. Tinangomva njinga yamoto yaima pageti, kenako "Odi kuno!" Mwera anadzuka pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuuwa ndi liwu lake lija lomveka mpaka kumsewu wa ku Monkey Bay. Alendo ambiri akamumva amabwerera m'mbuyo n'kumaodira ali patali. Awa ayi. Anaima pomwepo, manja m'thumba, n'kumamuyang'ana galuyo kuyambira kumutu mpaka kumchira ngati munthu wosankha ng'ombe pamsika.

"Ndadzeratu ameneyu," anatero titawapatsa mpando.

Anali bambo a cha ku Makawa, amene tinkangodziwana nawo nkhope. Monga amuna ambiri a kuno ku Mangochi, anakhalako zaka ku Joni n'kubwerako ndi kangachepe komangira nyumba ya mpanda wa njerwa ndi golosale. Anati ali ndi galu wamkazi wa magazi a Boerboel, agalu akuluakulu a ku South Africa aja, ndipo wayamba kufuna mwamuna. Anafunsafunsa kumene kuli galu wamwamuna wooneka bwino, ndipo anthu atatu osiyana anawalozera kwathu. Pempho lawo linali loti tiwabwereke Mwera masiku atatu kapena anayi. Za malipiro anati tisankhe tokha: ndalama pamanja, kapena kagalu kamodzi ana akadzabadwa, ife n'kukhala oyamba kusankha. Ndalama zimene anatchula zinali zokwanira theka la fizi ya teremu ya mnyamata wathu wamkulu, amene amaphunzira kusukulu yogonera komweko. Unali mwezi wa August chaka cha 2024, ana ali pa holide, sukulu zitatsala milungu yochepa kutsegulidwa.

Tinawauza mwaulemu kuti dzuwa likulowa, ndipo ife za malonda sitikamba mpaka Sabata litatha. Sanadabwe, kuno anthu amatidziwa. Anangotikumbutsa kuti galu wamkazi sadikira munthu, masiku ake ndi owerengeka, choncho tisachedwe ndi yankho.

Tikuuzeni za Mwerayo pang'ono. Tinamutenga ali kamwana mu June 2021 kwa msuweni wathu amene ankagwira ntchito ya ulonda pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Bambo ake anali galu wamakutu oimirira wa mtundu wa German Shepherd, amene ambiri amati agalu apolisi, ndipo mayi ake anali galu wachikuda wamba. Usiku umene anafika kunawomba mwera wamphamvu moti asodzi sanalowe panyanja, ndiye ana anangomutcha dzina la mphepoyo. Amadya nsima ya madeya yosakaniza ndi bonya wophwanyika wotsala pa thandala, ndipo katemera wa chiwewe sanaphonyepo chaka. Chibwerere chake sitinabedwenso usipa woyanika, pomwe kale mbala zinkakokolola thandala lonse ife tili m'tulo. Masana timamumanga. Anansi athu ambiri ndi Asilamu ndipo safuna kuti galu awanyambite kapena akhudze zovala zawo, makamaka akamapita kumzikiti. Tinaona kuti kulemekeza zimenezo n'kosavuta kusiyana ndi kukangana ndi anthu amene timatunga nawo madzi pamjigo umodzi.

Loweruka usiku, titatseka Sabata, nkhani inayambika pamkeka. Kunena zoona, tonse tinali titavomera kale mumtima. Chigwetsereni kwacha mu November 2023, chilichonse chinali chitakwera, kuyambira sopo mpaka thiransipoti yopita kusukulu, ndipo apa ndalama inadzatipeza yokha pakhomo. Mnyamata wathu anawerengetsera mofulumira: galu sachepa, sataya kanthu, apita Lolemba abwera Lachinayi. Mlongo wake, wa Sitandade 7, ankafuna kagalu osati ndalama. Agogo awo aamuna, amene timakhala nawo, anawonjezera zimene akhala akunena kuyambira kale, zoti galu wamphongo akamangomangidwa osaonana ndi wamkazi amalusa ndipo mapeto ake amapenga. Ndipo panali kanthu kena kamene sitinakatchule mokweza koma tonse tinkakamva: kunyada. Anthu atatu analozera pakhomo pathu! Galu wathu, wodya madeya!

Maganizo athu onse anatsamira pa mfundo imodzi, yoti mwini galu wamwamuna alibe mlandu. Bere si lake, ana sabadwira pakhomo pake, sadzawadyetsa, sadzawasakira malo. Amabwereketsa n'kulandira zake, basi. Ndi mmene timachitira ndi tonde kapena tambala, ndipo palibe amene anafunsapo mwini tonde kuti ana a mbuzi yake ali kuti.

Koma usiku umenewo ife makolo tulo sitinatione bwino. Panali nkhani ina imene sitikonda kuikamba.

Timathandiza nawo mu utumiki wa zaumoyo pampingo pathu. Si ife anamwino, tinalekezera ku sekondale, koma tinaphunzitsidwa zoyambirira ndipo Lamlungu lina timayenda m'makomo kukamba za maneti a udzudzu, likodzo, zimbudzi ndi madzi akumwa. Zaka zingapo zapitazo tinafika pakhomo pena m'mudzi wa asodzi kumunsi kuno. Panali kamnyamata ka zaka zisanu ndi zitatu kamene kankabwera ku Sukulu ya Sabata ya ana, ndipo tsikulo kanali katamanga kansanza kuchala. Tinafunsa kuti watani. Mayi ake anaseka n'kunena kuti watola kagalu kudoko, kena mwa tiagalu timene munthu anakataya kumeneko mu katoni, ndiye kamuluma posewera. Tinayang'ana balalo. Linali laling'ono ngati pobaya minga. Tinawauza kuti azitsuka lisalowe fumbi, kenako tinapitiriza nkhani yathu ya maneti. Kagaluko kanafa patapita masiku ochepa, ndipo onse anati ndi njala kapena njoka zam'mimba.

Patatha pafupifupi miyezi iwiri mwana uja anayamba kutentha thupi ndi kudandaula kuti dzanja likuyabwa ndi kuchita dzanzi. Anamupatsa mankhwala a malungo. Kenako anayamba kukana madzi. Ludzu ali nalo, koma akaona kapu khosi limagwira, amabwebweta, malovu chuchuchu. Pofika kuchipatala panalibenso chochita. Sitifotokoza zambiri za masiku otsirizawo. Pamaliro ena ankanong'ona za ufiti, ife tili chete, chifukwa tinkadziwa tsiku limene tinaliona bala lija n'kupitirira.

Zimene tikudziwa lero tikanazidziwa nthawi imeneyo, mwina mwanayo bwenzi ali ku sekondale. Chiwewe sichiona kukula kwa galu kapena kwa bala. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, ndipo kakalowa pakhungu kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Nthawi zambiri pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti munthu ayambe kudwala, ngakhale zimatheka m'sabata imodzi kapena patatha chaka. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi aliyense amamwalira. Koma nthawi yodikira ija ndi mwayi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu ayenera kutsuka balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, kenako n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe jakisoni woteteza, ndipo amalize masiku onse amene amuuza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewo matendawa amawatenga kwa agalu.

Ndiye funso limene linatisowetsa tulo silinali la Mwera. Linali la katoni ija. Tiagalu timene tinali mmenemo tinali ndi bambo wake, ndipo bamboyo anali ndi mwini, amene mwina mpaka lero sadziwa kanthu.

Lolemba m'mawa tinakwera kabaza kupita kuboma kukaonana ndi a vetenale amene amabaya Mwera. Tinkaganiza kuti atiuza kuti inde kapena ayi. M'malo mwake anatipanikiza ndi mafunso. Galu wamkaziyo ali ndi khadi la katemera? Wabaidwa liti komaliza? Amatuluka kumpanda? Anaberekapo, ndipo ana ake anabadwa amoyo? Onsewo tinalibe yankho. Kenako anatifotokozera za nthenda imene tinali tisanaimvepo, ngakhale tinazindikira kuti tinaionapo kwa agalu a kumsika. Ndi chotupa chofiira chotuluka magazi chimene chimamera kumalo obisika a galu, wamwamuna kapena wamkazi. Ndi khansa, koma yodabwitsa, chifukwa imapatsirana agalu akamakwerana: tizidutswa ta chotupacho timachoka pa galu wodwala n'kukamera pa mnzake. Kwa anthu sipita. Imachira ndi jakisoni wa mumtsempha wobaya sabata iliyonse kwa milungu ingapo, koma mankhwalawo sapezeka paliponse ndipo si otchipa. Chovuta n'chakuti galu wamkazi akamadontha magazi chifukwa cha chotupachi, mwini wake angaganize kuti wangofika pa nyengo yake. Apa mawu a mnyamata wathu oti galu sataya kanthu anayamba kupepuka.

Anatiwerengeranso masamu a agalu. Bere la galu ndi la masiku pafupifupi 63, miyezi iwiri yokha. Wamkazi amafuna mwamuna kawiri pachaka, ndipo agalu akuluakulu ngati amenewa kubereka ana asanu ndi atatu kapena khumi si zachilendo. Ana aakaziwo nawonso chaka chisanathe kapena chitangotha amakhala atayamba kubereka. Kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera, pamafunika kuti agalu 7 mwa 10 alionse akhale obaidwa. Zimenezi n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo kenako ntchitoyo inafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Koma vuto la madera athu, anatero a vetenalewo, n'lakuti agalu amabadwa ambiri ndi kufa msanga. Ubaya chaka chino, pofika chaka chamawa ambiri mwa obaidwawo kulibe, m'malo mwawo muli atsopano osabaidwa. Zili ngati kutungira madzi mu ndowa yobooka. Tinawafunsanso za mawu a agogo aja. Anaseka n'kunena kuti galu sapenga chifukwa chosowa mkazi, kapena njala, kapena kutentha kwa October. Amapenga akalumidwa ndi nyama ina yodwala, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri ndi uja woyendayenda usiku kulimbirana akazi ndi anzake.

Sanatiletse. Anati agalu abwino olondera amafunika, ndipo kubereketsa galu wathanzi kwa galu wathanzi, ana onse ali ndi kopita, si cholakwa. "Pitani mukaone nokha," anatero.

Tinapita Lachiwiri. Tisawanamizire bambo aja, pakhomo pawo m'posamalika. Galuyo anali ndi kanyumba kake ka malata, mbale ya madzi oyera, thupi losalala lopanda nkhupakupa. Khadi anali nalo, kungoti katemera womaliza anali wa zaka ziwiri zapitazo. Anatilandira bwino, mayi a pakhomopo anatiphikira tiyi, ndipo anationetsa pafoni mayina a anthu anayi amene anali atalipira kale chikole cha ana osabadwawo: awiri a mashopu kuboma, wina wa ku Namwera, wina wa ku Monkey Bay. Onse anayi ankafuna amuna.

"Nanga aakazi, achimwene?" tinafunsa.

"Aaa, aakazi ndiye vutotu. Anthu safuna, amati amadzaza pakhomo ndi ana. Koma timaona chochita."

"Chochita chake?"

Anatambasula manja. Anati ulendo wapitawo galuyo anabereka asanu ndi anayi, aakazi asanu. Mmodzi anapatsa mlamu wawo. Ena anatuma anyamata kuti akawagulitse m'mbali mwa msewu pamtengo uliwonse, ndipo awiri amene anatsala anyamatawo anakawasiya kudoko, poti kumeneko sikusowa mitu ya nsomba. Ananena izi mopanda nkhanza, ngati munthu wofotokoza kumene amataya zinyalala. Ndipo tisadzilungamitse: zaka khumi zapitazo ife tikanangogwedeza mutu n'kumwa tiyi wathu.

Tinawauza kuti Mwera tiwabwereka, koma pali zitatu. Galu wawo akayambe wabaidwanso ndi kuonedwa ndi a vetenale, nafenso tibweretsa wathu aonedwe pamaso pawo. Ana asachoke kwa mayi wawo asanakwane milungu isanu ndi itatu, ndipo aliyense wogula auzidwe tsiku lokabayitsa. Chachitatu, aakazi onse akhale ndi makomo odziwika, ndipo amene asowe kopita tigawana ife ndi iwo, osati kudoko. Tinanenanso kuti pa ndalama zathu achotsepo za katemera wa ana onse.

Anatiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaphulika kuseka. "Koma abale inu! Ndabwera kudzabwereka galu, inu mwandibweretsera ankhoswe? Ukwati wa anthu womwe sitifunsana chonchi!" Nafenso tinaseka, chifukwa zinalidi zoseketsa. Koma atatha kuseka anati ziwiri zoyambazo angayese, chachitatucho sangalonjeze, chifukwa iwo ali pa bizinesi ndipo sangadyetse agalu asanu osagulika. Anawonjezera kuti masiku akutha. Tinasiyana bwino, anatiperekeza mpaka pamsewu. Lachinayi tinamva kuti apeza galu wina cha ku Nkope.

Apa wina angafunse kuti nanga tinapindula chiyani, poti ana anabadwabe, ndipo mwina aakaziwo anakatherabe kudoko. Mnyamata wathu anafunsa zomwezo, mokwiya, ndipo sitinamuyankhe mokhutiritsa. N'zoona, sitinapulumutse kagalu ngakhale kamodzi. Chimene tinachita n'kungokana kuti dzanja lathu likhalemo. Fizi ija tinaipeza pogulitsa mbuzi ziwiri, imodzi ili ndi bere, ndipo mnyamatayo anapita kusukulu asakutilankhula bwinobwino. Bambo a ku Makawa aja tikakumana amatipatsa moni, koma amatitcha "ankhoswe a galu", ndipo dzinalo lafalikira mpaka kumsika.

Tikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, ife tikuoneka anthu osamala. Koma amene anatitsitsa ndi mtsikana wathu wa Sitandade 7 uja. Tsiku lina tikudya anangoti, "Amayi, Ababa, mwawakaniza a ku Makawa, nanga tiagalu ta kuseri kwa chigayo tija n'ta ndani?"

Tinaleka kutafuna.

Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri, mukukumbukira mmene madzi analowera m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno. Kwathu madzi sanafike m'nyumba, koma nthaka inanyowa moti mpanda wathu wa bango unagwa mbali imodzi mu April. Tinauimika mwachigamba n'kumati tidzakonza bwino mvula ikatha. Usiku Mwera timamumasula kuti azilondera, ndipo kangapo m'mawa tinkamupeza ali kunja kwa geti, wotopa, khutu lina litang'ambika. Tinkangoti wathamangitsa akuba. Kuseri kwa chigayo kumakhala mayi wina wamasiye amene ali ndi galu wamkazi wachikuda wofiirira. Kumapeto kwa June galuyo anabereka. Tinapita kukaona madzulo omwewo. Anabadwa asanu ndi awiri, atatsala anayi, ndipo atatu mwa iwo anali ndi msana wakuda ndi makutu oyamba kuimirira. Panalibe chofunsa. Mayiwo anati ankadziwa kuyambira kale koma anachita manyazi kutiuza, ndipo anali akuganiza zotuma mdzukulu wawo kuti akawasiye kumsika chifukwa madeya akuwathera.

Ndiye taonani. Munthu wobwera masana, waulemu, ndalama kumanja, tinamuikira malamulo atatu. Usiku galu yemweyo ankagawa mbewu ulere kudzera pa mpanda wogumuka, popanda khadi, popanda funso, ndipo katundu yense n'kugwera mayi wamasiye.

M'pamene tinayamba kukamba zomufula. Agogo anakana kwamtuwagalu. Anati Mlengi sanalakwitse pomupanga wamphongo, ndipo galu wofulidwa amasanduka mphaka, amangonenepa n'kumagona akuba akudutsa. Pa mapemphero a madzulo tinawerenga Miyambo 12 ndime 10, yokamba za munthu ndi ziweto zake, ndipo chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zinati ndimeyo ikuikira kumbuyo iwo. Agogo anati kusamala chiweto n'kusachipweteka. Ife tinati kusamala n'kuphatikizapo makutu ong'ambika aja, ndi ana ake amene akufa ndi njala kuseri kwa chigayo. Amene anathetsa mkangano ndi mtsikana yemwe uja, pofunsa agogo ake kuti nanga mbuzi za mfule zimene iwo ankanyadira kumudzi anazifula ndani. Agogo anati mwana ameneyu adzakhala loya, n'kulowa kukagona. Mawa lake ananena kuti tichite zimene taganiza, koma akuba akadzabwera tisadzawadzutse.

Chimodzi chimene tinakana ndi kufula kwa kumudzi, kwa mpeni kapena mphira, kumene anyamata ena anadzipereka kuti atichitira motchipa. Galu si mbuzi, ndipo ngakhale mbuzi imamva kupweteka. A vetenale anamugoneka ndi jakisoni, ntchito yonse sinathe ola limodzi, ndipo asanayambe anamuyeza za chotupa chija n'kupeza kuti alibe. Tinapuma. Masiku khumi otsatira ndiwo anali ovuta, kuletsa galu kunyambita bala ndi kuthamangitsa ntchentche za kuno. Tinadula chidebe chakale cha pulasitiki n'kumuveka m'khosi ngati kolala, ana a m'mudzi n'kumabwera kudzasuzumira pampanda akuseka. Anatichenjezanso kuti kwa milungu ingapo akhoza kuperekabe bere, choncho tisathamangire kumumasula. Mpanda tinaukonza sabata yomweyo, nsungwi zatsopano ndi waya pansi.

Za ulonda, tinene zimene taona pakhomo pathu, osati za agalu onse. Mwera amauwa monga kale. Chimene chasintha n'chakuti usiku amakhala pakhomo, pomwe kale nthawi imene tinkaganiza kuti akutilondera iye anali kuchigayo. M'miyezi yozizira agalu akamayenda m'magulu usiku amadzuka n'kuuwa nawo, koma salimbananso ndi mpanda. Kunenepa ndiye n'zoona, tinachita kuchepetsa nsima. Agogo sanavomerebe kuti analakwitsa, amangoti galuyu anali wabwino kale.

Tiagalu tinayi tija tinagwirizana ndi mayi aja kuti madeya azichokera kwathu mpaka tipeze makomo. Kumapeto kwa September, cha pa 28 pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe, tinali titakwana miyezi itatu. Tinatiika mu dengu lalikulu la usipa, pamwamba n'kuphimba ndi ukonde wakale, mayi wawo akutsatira pachingwe, n'kupita kokabayitsa. Mdzukulu wa mayiwo ndi amene anakankha njinga. Awiri aamuna anatengedwa msanga, wina ndi mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale, wina ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo aliyense anapita ndi khadi lake. Wamkazi mmodzi anapita kwa mlongo wathu ku Malindi titamuchonderera kwambiri. Wotsalayo, wamng'ono pa onse, wamakutu amodzi oimirira ena ogwa, palibe anamufuna. Ali kwathu. Mtsikana wathu anamupeza kagalu kake kaja, kungoti si ka Boerboel.

Kutseka galu wamkazi ndi opaleshoni yaikulu kuposa kufula wamwamuna, chifukwa amang'amba pamimba, ndipo pamafunika dokotala wa ziweto wodziwa ndi zipangizo zake. Ya kagalu kathu tinachita kusungira ndalama miyezi inayi. Ya mayi wake, galu wa mayi amasiye uja, sitinaikwanitsebe. Akafika pa nyengo yake timamutsekera m'khola lathu lakale la mbuzi kwa milungu itatu, agalu a m'mudzi monse n'kumagona kunja kwa mpanda wathu akulira usiku wonse, anansi akudandaula. Tachita zimenezi kawiri tsopano.

Pa maulendo athu a Lamlungu tinawonjezera funso limodzi papepala limene timayenda nalo, pansi pa la maneti ndi la chimbudzi: pakhomo pano pali galu, ndipo anabaidwa liti? Ena amatiyankha, ena amaseka n'kunena kuti ankhoswe afika. Mwezi wathawu tinapeza kamtsikana katakandidwa pamwendo ndi kagalu ka anansi. Tinapempha sopo ndi ndowa ya madzi, tinakhala pansi, mmodzi akuthira wina akuyang'ana nthawi pafoni. Mphindi 15 ndi zambiri mwana akamalira, ndipo mayi ake anatiuza kawiri konse kuti basi zakwana. Titamaliza tinamukweza pa kabaza ndi mayi akewo, ife n'kutsalira kukafunsa mwini kagaluko kuti akamange ndi kukayang'anira masiku khumi.